Mizere Itatu ya Cande

North Carolina, 9 Febuluwale 1997

Petrona,

Ndisanakupatseni moni, tandiyankheni kaye. Munthu amene wakuuzani kuti mwana wamkazi alibe nacho ntchito Chingerezi, iyeyo amachidziwa? Anayamba waimapo pamaso pa kapitawo akumukalipira, iye n'kumangogwedeza mutu, osadziwa ngati akumuchotsa ntchito kapena akumufunsa za mvula? Ine ndinaimapo, chaka chathunthu. Choncho mawu amenewo asadzabwerenso m'kalata yanu, ngakhale atakhala kuti anawanena ndi amayi anga.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, kaya inu ndi ana athu, Cande ndi Mincho. Amayi muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo ali m'katundu amene anyamula a Lencho, aja amatiyendetsera katundu wa kumudzi pa galimoto yawo, pamodzi ndi madola mazana awiri. Mulipire kaye sukulu ya Cande, mumugulire nsapato ndi dikishonale, zotsalazo feteleza. Denga lidikire, ladontha zaka zingati osagwa? Koma makina anga oombera nsalu muwafunditse pulasitiki, ndidzawafuna ndikadzabwera.

Kuno kukuzizira moti madzi aundana m'mipope ya kalavani imene timagonamo. Kufakitale palibe chatsopano: nkhuku zimabwera pa lamba, ife n'kumazichotsa mafupa. Matotiya a m'sitolo, zikondamoyo zopyapyala za chimanga zija, ndi dola imodzi paketi, koma ngati ukutafuna katoni.

Nkhani ndi iyi. Lamlungu masana ndayamba kukaphunzira Chingerezi m'chipinda cha pansi pa tchalitchi china. Amatiphunzitsa ndi Mayi Hensley, mphunzitsi wopuma pantchito, thupi ngati mpheta koma mawu ngati belu. Salipiritsa. Nazario, mwamuna wa Chabela uja, amapita nawo, koma iye amatsata khofi ndi mabisiketi.

Mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, kuwerenga ndinamalizira ndekha pa matumba a feteleza. Ndiye ndikati chinthu ndachimvetsa, ndachimvetsadi. Chingerezi chili chonchi. Mawu onena zochita, aja amati aneni, ambiri ndi ofatsa. Ukafuna kunena za dzulo umangowamangirira kamchira: work, worked, kugwira ntchito. Koma alipo ena aliuma, osamva lamulo, ndipo mwatsoka ndi omwewo amene munthu umawafuna tsiku ndi tsiku. Kupita ndi go. Za dzulo mukuganiza kuti ndi goed? Ayi, akuti went.

Ndinaimika dzanja. Ndinati, "Amayi, went ameneyu kwawo n'kuti? Sakufanana ndi bambo ake ngakhale mphuno."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Gaspar, mwana ameneyo tinangomupeza pakhomo, tinamulera. Usafunse zambiri, ungomuloweza."

Nazario kumbuyo, kukamwa kuli tho ndi bisiketi: "Ngati Mincho wakotu, achimwene!" Musakwiye, mukumudziwa pakamwa pake. Ndikanamugenda ndi mpando, koma munali m'nyumba ya Mulungu.

Cande, popeza ndiwe umawerengera amayi ako makalata anga ndi kuwalembera mayankho, tamvera zako. M'kalata iliyonse ndizikutumizira aneni aliumawa. Uziwaloweza, ndipo ukamaliza kulemba za amayi ako, pansi pake uzindilembera mizere itatu ya Chingerezi, kundiuza zimene wachita. Yamba ndi awa. Go, went, gone. Eat, ate, eaten, kudya, ndipo ate umatchula eiti. Break, broke, broken, kuswa. See, saw, seen, kuona. Saw si sawu ayi, ndi soo, ngati munthu wadabwa.

Sindikufuna udzabwere kuno kudzadula nkhuku. Ndikufuna udzakhale mphunzitsi, kapena wa mu ofesi mumzinda wa Xela, woti munthu akakulankhula m'chilankhulo chilichonse uzimuyankha ukumuyang'ana m'maso.

Ndine mwamuna wanu,
Gaspar Tzoc

13 Epulo 1997

Wokondedwa Petrona,

Moni nonse. Ndamva kuti Mincho chifuwa chatha, Mulungu alemekezeke. Ine ndili bwino. Manja amachita dzanzi m'mawa, koma aliyense pa lamba paja amatero. Ndimawaviika m'madzi otentha n'kunyamuka.

Mizere ya Cande yafika! I went to school. I ate black beans. Mincho broke the big pot and I saw. Petrona, mwana wathu akuti anapita kusukulu, anadya nyemba zakuda, ndiponso kuti Mincho ndiye anaswa mphika waukulu uja, iye akuona. Inu munandiuza kuti anaswa ndi galu. Mwaona ubwino wa Chingerezi? Mayi Hensley anaiwerenga kalatayo pamaso pa kalasi yonse, anati palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Nazario anati, "Mwana wa zaka khumi ndi zitatu wakupitirira, mdala." Ndinati, ndicho ndinamuberekera.

Kalata yomweyo yandiputira kankhani. Ndinaitulutsa kuntchito kuti ndiionenso, n'kutulukira Randy, kapitawo wathu. Anati, "I seen you," kutanthauza kuti ndakuona. Ine ndinati, "Saw, bwana. I saw you."

Nazario anandiponda phazi. Randy anandiyang'ana ngati nkhuku yalankhula.

"Wati chiyani, Gasi?"

"Ndati saw. Zili m'buku."

"Gasi, nkhuku sizinapite kusukulu. Dula."

Anthu anaseka. Mawa lake anandichotsa pamalo panga n'kundiika kumayambiriro kwa lamba, kodula mapewa, kumene mpeni supuma. Ndinakadandaula kwa Mayi Hensley kuti munthu wabadwira m'Chingerezi koma akuchithyola miyendo, ine wochikonza n'kukhala wolakwa. Anati, "Mwana wanga, theka la tauni ino limati I seen, ngakhale mchimwene wanga. Amatinso brung m'malo mwa brought. Za m'buku uzilankhula, za kapitawo uzingozimva." Ndiye Cande, nawenso umve. Aphunzitsi ako akalakwitsa, usachite za bambo ako.

Aneni a mwezi uno ndi a banja limodzi. Buy, bought, kugula. Bring, brought, kubweretsa. Think, thought, kuganiza. Catch, caught, kugwira. Teach, taught, kuphunzitsa. Onsewo ali ndi g ndi h pakati, koma usawatchule. Ali ngati akuluakulu a komiti ya madzi kwathuko: pamsonkhano amakhalapo, salankhula kanthu, koma ukawachotsa pamndandanda ndiye mlandu. Umangoti boot, broot, koot, toot, pakamwa patatseguka ngati ukuyasamula. Thought ndiye amafuna uike lilime pakati pa mano ngati mwana wamwano. Uchite ukakhala wekha.

Ndatumiza madola zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu. Lendi yakwera. Mubzale chimanga choyera kumunda wa kumtunda, chachikasu chija chinatigwiritsa mwala.

Mwati a Doña Hermelinda, amayi ake a ubatizo a Cande, anabwera pa Pasaka kuchokera ku Xela, ndipo Cande anawalankhulira Chingerezi mpaka iwo kuomba m'manja. Chabwino. Muwapatse moni wanga. Ndi akomadre athu, anamunyamula mwanayo pamaso pa wansembe, ulemu wawo ndi wawo. Koma ine sindibisa mawu: mayi amene uja akayamikira nkhuku yako, madzulo uziwerenga nkhuku.

Gaspar

1 Juni 1997

Petrona,

Moni kwa inu, ana ndi amayi. Musadabwe kuona zilembo zonga mapazi a nkhuku. Akulemba ndi Nazario, ine ndikungonena. Dzanja latopa pang'ono, basi. Si nkhani.

Mlamu, ndine Nazario. Akunyoza zilembo zanga koma wandipempha yekha, ndipo wandilonjeza soda. Wati ndilembe chilichonse chotuluka pakamwa pake, ndiye zotukwana zokha ndazisiya.

Ndapitiriza ndine Gaspar. Ndalama ulendo uno ndi madola zana limodzi. Ndinapuma masiku angapo, ndipo kuno tsiku limene sunagwire mpeni silikhala ndi malipiro. Za mwana wa nkhumba munanena zija zidikire kaye. Koma za sukulu musakhudze. Anesi a pafakitale ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse, timapiritsi tiwiri ndi mawu akuti bwerera pa lamba. Ngakhale utapita mutu uli m'manja angakupatse tomweto.

Cande, mizere yako ndailandira. I bought a pen. The teacher taught us a song. I thought of you, Papa. Amayi ako uwamasulire wekha, ine mawu andithera.

Mlamu, Nazario uja. Atawerenga mzere womaliza woti mwana anamuganizira, anatuluka panja, akuti akukaona matayala a galimoto. Galimoto tilibe.

Usalembe zimenezo, chitsiru iwe. Akuti walemba kale. Zisiyeni.

Aneni a mwezi uno ndi aliuma a mtundu wina. Anzawo amasintha nkhope, awa ndiye sasuntha n'komwe. Cut, cut, cut, kudula. Put, put, put, kuika. Shut, kutseka. Cost, mtengo wa chinthu. Hurt, kupweteka. Za lero, za dzulo, za chaka chatha, mawu ndi omwewo, ngati ntchito yathu ino. Cut umatchula kat, koma put ndi put, ngakhale amalembedwa mofanana. Ndinafunsa chifukwa chake, Mayi Hensley anangoloza kumwamba. Hurt ndi wovuta, umapinda lilime kumbuyo ngati ukubisa mwala m'kamwa. Ameneyu ndamuyeserera kwambiri masiku ano, ndikumutchula bwino kuposa onse m'kalasi.

Nazario akuti awa ndiye aneni ake, chifukwa ukaloweza mmodzi waloweza atatu. Miyezi inayi m'kalasi, chimene watola ndi dzina la mabisiketi.

Mvula ikayamba kulimba muike ndowa pakona paja, ndipo muone kuti pulasitiki ya pa makina sinang'ambike. Amayi asamapite okha kunkhuni.

Musadandaule za ine. Ndanena kuti si nkhani.

Gaspar

Mlamu, mumuuze Chabela kuti naye ndamulembera yake, ili ndi a Lencho.

20 Julayi 1997

Petrona,

Moni. Ndili bwino. Ndalemba ndekha, pang'onopang'ono, ndiye zilembo zikapendama musaseke.

Kalata yanu ndalandira, koma dzanja lake si la Cande. Ndi la a katekisiti, ndimalidziwa, amalemba g ngati mbedza. Ndinaitembenuza, ndinayang'ana m'envulopu, ndinaigwedeza. Mizere itatu palibe. Mwangoti mwana watanganidwa. Kutanganidwa kwanji kolepheretsa munthu mizere itatu? Pulezidenti amene amapeza nthawi yolemba dzina lake.

Cande, ndikulankhula ndi iwe. Ngati watopa nazo, undiuze poyera, ine sindikonda zozungulira. Ngati anzako akukuseka kuti ukudzimva, aleke aseke, mano ndi awo. Ngati pali kamnyamata kakukuimbira mluzu panjira ya kusukulu, kauze kuti bambo ako amagwira mpeni tsiku lonse. Ine ndimaloweza mawu amenewa nditaima m'madzi ozizira, ndimawanong'ona ngati korona mpaka anzanga kumati ndapenga, kuti ndikakulembera ndisakuphunzitse bodza. Iwe wakhala pa desiki, padzuwa, ukulephera mizere itatu? Ndakhumudwa nawe.

Komabe tenga awa. Write, wrote, written, kulemba, ndipo w wa kutsogoloyo ndi wa komiti ya madzi, satchulidwa. Forget, forgot, forgotten, kuiwala. Keep, kept, kusunga. Sleep, slept, kugona. Leave, left, kusiya kapena kuchoka. Take, took, taken, kutenga. Tell, told, kuuza. Sindinawasankhe mwangozi.

Lamlungu lapitali Mayi Hensley anandifunsa kuti, "Mphunzitsi wathu wamng'ono uja walemba zotani ulendo uno?" Ndinati kalata yachedwa. Sindinazolowere kunama. Musandichititsenso zimenezi.

Kuntchito andisuntha. Tsopano ndimatsuka pansi ndi paipi, ndimalowa masana. Ndi ntchito yabwino, ilibe phokoso la Randy. Malipiro ake ndi otsikirapo pang'ono. Ndatumiza madola zana limodzi ndi makumi awiri. Nsapato za Mincho mugule zokulirapo kuti zimufikitse chaka chamawa.

Petrona, pali chimene simukundiuza? Kalata yanu yonse ndi ya chimanga ndi mvula. Takhala m'banja zaka khumi ndi zisanu, simunayambe mwandiuzapo za mvula masamba awiri.

Gaspar

17 Ogasiti 1997

Petrona,

Lero moni ndilibe. A katekisiti, popeza ndinu mukuwerenga, werengani zonse, musadumphe ngakhale liwu limodzi.

A Lencho galimoto yawo yafa, achedwa milungu iwiri. Ndinati ndikudziwitseni kuti musadikire pachabe. Foni yoti uthenga ungakufikeni ndi imodzi yokha, ya m'sitolo ya nsalu ya akomadre ku Xela. Lachitatu m'mawa ndinagula khadi yoimbira foni, ndinaimba.

"Sitolo ya a Hermelinda, tikuthandizeni?"

Mawu a mwana wanga. Lachitatu m'mawa, nthawi ya sukulu, ulendo wa maola awiri pa basi kuchokera kwathu.

Ndinati, "Cande? Ukutani kumeneko?"

Kumbuyo khanda likulira, kenako mawu a akomadre: "Ndani ameneyo? Ngati ndi a ulusi uwauze mawa."

"Ndi bambo anga, amayi."

"Aa! Apatse moni msangamsanga, foni si yochezera. Uwauze kuti uli bwino."

"Ndili bwino, bambo."

Kamawu kake kanali ngati ka munthu amene wamugwira khutu. Ndinadziwa kuti amuimirira pambali. Ndiye ndinasiya chilankhulo chathu, ndinasiya Chisipanishi. Ndinati, "Tell me." Ndiuze.

Kenako anayamba, mawu amodziamodzi, ngati akuwoloka mtsinje pa miyala.

"I left school in June." Ndinasiya sukulu mu Juni. "She took me." Ananditenga. "She told Mama, school in Xela. I did not go." Anauza amayi kuti ndikaphunzira ku Xela, koma sindinapiteko. Anati amagulitsa nsalu kwa azungu odzaona malo, amasesa, amachapa, amabereka khanda la mwana wawo. Ndinamufunsa kumene amagona.

"I sleeped in the shop." Anaima. "Slept, Papa. I slept."

Petrona, mwana akugona pansi m'sitolo ya eni, ndipo chimene akuopa n'chakuti bambo ake amukalipira chifukwa cha mneni. Ine amene mwezi watha ndinamulembera kuti ndakhumudwa naye. Mwamwayi kalata imeneyo sanaione. Anati dikishonale ali nayo, amaibisa pansi pa mulu wa nsalu. Anati, "I did not forget." Sindinaiwale.

Pamenepo akomadre analanda foni. "Akompadre! Muli bwanji kumeneko? Koma mwana mwamuphunzitsa bwino inu! Azungu akalowa muno satulukanso chimanjamanja. Amawauza mtengo, amawaseketsa, mwezi uno ndagulitsa kuposa pa Pasaka."

Ndinati, "Nanga sukulu?"

"Iii, akompadre, sukulu ithawa? Chaka chamawa tidzaona. Pano akuphunzira ntchito, akudya katatu. Si mwana wanganso kodi? Ndinamunyamula ndine pa ubatizo."

Zimene ndinayankha sindingazilembe pa pepala limene agwire a katekisiti. Ndinawatchula dzina la mbalame ija imadya zakufa, ndi zina. Mwini sitolo imene ndimaimbira foni anatuluka kudzaona ngati pali ndewu. Khadi inathera pakamwa panga.

Ndiye kuti ine ndimanola mpeni kuno, wina n'kumadulira nyama yake kumeneko. Mawu amene ndinawatola mmodzimmodzi kuti mwana wanga asadzakhale wantchito wa munthu, ndi omwewo amugulitsa.

Miyezi iwiri, Petrona. Munandilembera za mvula. Ndiyankheni: chifukwa chiyani?

Gaspar

14 Sepitembala 1997

Wokondedwa Petrona,

Moni kwa inu, kwa Mincho ndi kwa amayi. Ndamva kuti mwaonda, simukudya. Idyani. Ine ndili moyo, ndipo mtima watsikako.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mutaona dzanja la Nazario pa kalata yanga ya mu Juni, munachita mantha. Mwati Chabela anabwera ndi yake, mmene mwamuna wake analembamo kuti dzanja langa lafa, ndipo andichotsa ntchito posachedwa. Mwati sabata yomweyo akomadre anafika ndi dengu la buledi, chokoleti ndi makandulo, anakhala pa mphasa, anapempha mwanayo mwaulemu wonse, pamaso pa amayi anga. Ndipo munthu amene anakunyamulira mwana pa ubatizo akabwera ndi dengu, sabwezedwa. Zimenezo ndikuzidziwa, ndinakulira momwemo. Munaona kuti pachepa pakamwa pamodzi podyetsa, munamva lonjezo la sukulu ya m'tauni, munalandira dengu. Sindikutukwanani. Munali nokha, ndipo ine ndimangoti si nkhani.

Nazario ndamufunsa. Akuti, "Ndinangouza mkazi wanga yekha, achimwene." Ndinati, kuuza Chabela ndi kuuza wailesi. Sitinalankhulane masiku atatu, koma ndi iye amene amandimangira zingwe za nsapato m'mawa, ndiye udani wake ndi wovuta kuusunga.

Za dzanja, imvani kwa mwini wake. Silinafe. Zala zitatu za kumanja sizimva kanthu, ndipo sindingafumbate mpeni kapena kukoka chingwe. Dokotala wa m'tauni, amene Mayi Hensley ananditengerako pa galimoto yawo, akuti mtsempha wa pamkono waphwanyika ndi kudula kosalekeza. Ndinamufotokozera ndekha, m'Chingerezi, popanda womasulira, kuyambira tsiku limene zinayamba. Ntchito sanandichotse. Paipi ndimagwira ndi lamanzere. Ndalama zizibwera zochepa, koma zizibwera.

Choncho makina anga oombera nsalu gulitsani. Dzanja ili silidzaombanso. Amalume a Chabela akhala akuwafuna kalekale, koma musawapatse pa mtengo woyamba umene anene. Ndalamayo ndi ya sukulu ya Cande mpaka amalize, si ya denga, si ya nkhumba, si ya maliro a munthu aliyense, ngakhale anga.

A katekisiti, zikomo chifukwa cha mawu amene munawonjezera pansi, akuti a hedimasitala sanafufute dzina lake, ndipo akabwerera mwezi uno usanathe alemba nawo mayeso a mu Okutobala. Ndiye nthawi yoyendera mwakachetechete yatha.

Chochita ndi ichi. Chinalowa ndi dengu chituluke ndi dengu. Mugule buledi wabwino wa mazira, chokoleti ndi makandulo, zoposa zimene anabweretsa iwo. Mupite ndi amayi anga ndi a katekisiti, Loweruka, pa basi yoyamba. Mukakhale pansi, mukalankhule mwaulemu wonse monga mwa mwambo. Akakatchula za mbalame ija, mukanene kuti kompadre wawo wapepesa. Inde, lembani m'mitima mwanu tsiku limeneli, Gaspar Tzoc wapepesa. Koma ndapepesa mawu okha, nkhaniyo ayi. Akakati mudye kaye, idyani. Akakati mwana atsale mpaka nyengo ya azungu ithe, ayi. Akakati mpaka Lolemba, ayi. Akakalira kuti ubale watha, mukawauze kuti pa ubatizo paja analonjeza kumuyang'anira mwanayo, sanalonjeze kumugwiritsa ntchito. Musakanyamuke pa mpando mpaka Cande atatuluka ndi kathumba kake. Akakumbukire dikishonale, ili pansi pa mulu wa nsalu.

Kalata ya mu Julayi ija, mmene ndinamukalipira, muiponye pamoto asanaione.

Mayi Hensley ndinawauza zoona zake zonse. Apereka buku la aneni onse aliuma, lakale, la chikuto chofiira, alembamo dzina lonse la Cande, Candelaria Tzoc. Lili ndi a Lencho. Sindikufuna likafikire m'sitolo ya munthu. Likafikire m'nyumba mwanga, m'manja mwa mwini wake.

Ulendo uno ndatumiza mneni mmodzi yekha, mumusungire. Come, came, kubwera. Came amatchula keim. Ndi wosavuta, aloweza ali m'basi.

Kalata yanu yotsatira ndikufuna dzanja la Cande kuyambira pa deti mpaka pansi. Ikabwera ndi g wa mbedza, a katekisiti mundikhululukire, sinditsegula. Ndipo pansi pake ndikufuna mizere yanga itatu. Alembe zimene akufuna, alakwitse mmene angathere, sindikonza ngakhale chilembo chimodzi.

Pitani mukamutenge mwanayo, Petrona. Lolemba akakhale pa desiki pake.

Ndine mwamuna wanu,
Gaspar Tzoc